Ntchito Zapita Kuti ku Tete ndi ku Moatize? Mafunso Anu, Mayankho Athu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akulira chinthu chimodzi: ulova mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. Tasankhapo asanu ndi awiri, ena tawafupikitsa. Oyankha ndi anthu odziwa malamulo a ntchito ndi maphunziro a luso la manja m'chigawo chino.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna anamaliza kalasi 12 kuno ku Ulónguè, n'kutsikira ku Tete kukafuna ntchito. Akukhala kwa amalume ake ku Matundo, chaka chachiwiri tsopano, koma palibe chimene wapeza kupatula maganyu. Ife timamva kuti sitima za malasha zikuchoka ku Moatize usana ndi usiku. Kodi ntchito zasowadi, kapena mwanayu wangolowa ulesi wa m'tauni?
Bambo wa ku Angónia

YANKHO: Bambo, musafulumire kumunena ulesi mwanayo. Malasha akutulukadi, koma kutuluka kwa malasha sikutanthauza kuti anthu akulembedwa, ndipo pamenepa ndi pamene mabanja ambiri a kumtunda akusokonezeka.

Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa malo a malasha a Moatize mu 2004, ndipo mgodi unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Zaka zimenezo zinali zomanga. Kunkamangidwa fakitale yotsuka malasha, misewu, makampu a antchito, ndi nyumba za mabanja oposa 1,300 amene anasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. Nthawi yomweyo kampani ya Riversdale inkamanga mgodi wa Benga, Jindal inatsegula wa Chirodzi mu 2013, mlatho wa Kassuende unatha mu 2014, ndipo njanji ya makilomita 912 yopita ku Nacala kudzera m'Malawi inali ikuyalidwa. Kumanga kumafuna manja ambiri: omanga njerwa, opinda zitsulo, owotcherera, akalipentala, madalaivala, ophika, alonda. Ngakhale munthu wopanda pepala lililonse ankatha kuima pageti mbandakucha n'kutengedwa ngati wothandizira. Nkhani zimene anthu amakambabe kumudzi ndi za zaka zimenezo.

Kumanga kukatha, mgodi umatsala ndi makina. Migodi ya kuno ndi yokumba kuchokera pamwamba, ndipo galimoto imodzi ya mumgodi imanyamula matani oposa 200 paulendo umodzi, woyendetsa ali mmodzi. Malasha akhoza kuchuluka kwambiri, antchito n'kungowonjezeka pang'ono. Pamene ntchito zomanga zinkatha, anthu anali atadzaza kale. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mumzinda wa Tete, wa 2017 anapeza oposa 300,000. Ana a anthu amene anabwera nthawi imeneyo ndi amene akumaliza sukulu lero, ndipo onsewo akugogoda pa zitseko zomwezo ndi mwana wanu.

Palinso nkhani ya mtengo. Malasha osungunulira chitsulo, amene ndi chuma chenicheni cha Moatize, ankagulidwa madola oposa 300 pa tani mu 2011, koma pofika kumapeto kwa 2015 anali pansi pa madola 100. Rio Tinto, imene inagula Riversdale mu 2011 ndi madola oposa 3 biliyoni, inagulitsa migodi yakeyo kwa ICVL ya ku India mu 2014 ndi madola 50 miliyoni okha. Mtengo ukagwa chonchi, oyamba kubwerera kunyumba ndi antchito a makampani ang'onoang'ono a kontrakiti: onyamula antchito, okonza makina, ophikira m'makampu. Iwo akachoka, mwini zipinda za lendi ku Chingodzi amasowa olowamo, mayi wogulitsa nsima pafupi ndi geti amatsala ndi ndiwo mumphika, wa txopela, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, amaima dzuwa lonse osapeza wokwera. Ntchito imodzi ya mumgodi ikatha, imagwetsa zina zimene sizilembedwa paliponse. Ntchito za kuno zili ngati madzi a mtsinje wa Revúbuè, zimasefukira mwadzidzidzi n'kuphwa, ndipo wofika mochedwa amapeza mchenga.

Mavuto ena anatsatana. Ngongole zobisika za boma zitaululika mu 2016, metical inagwa ndipo boma linachepetsa kwambiri kulemba antchito atsopano. Mu 2020 kunabwera Covid-19. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji kwa Vulcan. Chaka chimenecho mtengo wa malasha unakwera kuposa wa 2011, koma mgodi unali womangidwa kale, choncho ntchito za manja ambiri sizinabwerere monga kale. Chilala cha 2023/2024 chinakankhira m'tauni anthu amene mbewu zinawapserera m'maboma otentha monga Changara ndi Mágoè, ndipo zipolowe za pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024 zinatseketsa mabizinesi ena.

Maganizo athu ndi akuti mnyamata wa satifiketi ya kalasi 12 yokha, wodikira vaga, mpata wa ntchito, ya mumgodi ali pakhonde la amalume, akudikira chinthu chimene chimabwera mwa kamodzikamodzi. Khalani naye pansi mugwirizane. Ngati atsala m'tauni, alowe maphunziro a luso amene tafotokoza m'munsimu, ndipo akalembetse ku INEP, ofesi ya boma yoona za ofuna ntchito. Ngati ndalama ya maphunziro palibe chaka chino, abwerere alime kachewere kapena nyemba nyengo imodzi, ndalama ya zokololazo ikhale ya sukulu. Minda ya Angónia ndi Tsangano ndiyo imadyetsa mzinda wa Tete, ndipo zaka zimene wakhala ku Matundo zamudziwitsa misika ndi mitengo yake. Ntchito ya nyengo ku fakitale ya fodya ya Mozambique Leaf Tobacco imathandiza ena, koma imatha fodya akatha kukonzedwa. Aiwerengere ngati ya miyezi, osati ya chaka chonse.

FUNSO: Pa wailesi ndinamva kuti malova m'dziko muno ndi 18 peresenti. Pa intaneti ndinaona nambala yosafika 5 peresenti. M'bairro mwathu achinyamata ambiri angokhala. Akunama ndani?
Mphunzitsi wa ku Moatize

YANKHO: Aphunzitsi, palibe akunama, miyeso ndiyo yasiyana. Mabungwe a kunja amati munthu ali pa ntchito ngati wagwira ngakhale ola limodzi m'sabata yofunsidwayo kuti apeze kanthu. Pa muyeso umenewu, mnyamata amene watsitsa matumba a simenti Lachiwiri lokha sali lova. INE, ofesi ya boma ya ziwerengero, imagwiritsa ntchito muyeso wa dziko lino, umene umaika pa malova anthu a maganyu a apo ndi apo komanso amene akufuna ntchito koma atopa kuisaka. Kafukufuku wake wa m'mabanja, IOF wa 2022, anapeza 18.4 peresenti m'dziko lonse: pafupifupi 31 m'matauni ndi 12 m'midzi.

Nambala ya kumudzi ndi yotsika chifukwa wolima munda wa banja amawerengedwa kuti ali pa ntchito, ngakhale nkhokwe ikhale yopanda kanthu. Mnyamata akasiya khasu ku Furancungo n'kubwera ku Tete, wachoka pa mndandanda wa ogwira ntchito n'kulowa pa wa malova. Nambala ya olembetsa ku INEP nayo imangosonyeza amene anapita okha kukalembetsa, ndipo ambiri sapita. Kuti muone kumene zinthu zikulowera m'dera lanu, yang'anani zipinda za lendi zimene zakhala zotseka, kuchuluka kwa njinga zamoto pamalo oimikira, ndi mtengo wa ganyu wa tsiku. Ulova ukamakula njinga zimachuluka, mtengo wa ganyu n'kumatsika.

FUNSO: Ndagwira zaka 6 pa kampani ina yokonza makina. Sabata yatha anatiitana anthu 15 n'kutiuza pakamwa kuti kontrakiti yawo ndi mgodi yatha, tisabwerenso mwezi wamawa. Akuti tikasaine pepala tilandire malipiro a mwezi umodzi. Malipiro anga ndi 20,000 meticais. Ndisaine?
Makaniko wa ku Matema

YANKHO: Achimwene, musasaine msanga. Pemphani kope la pepalalo mukaliwerengere kunyumba. Mapepala ambiri otere amalembedwa kuti wantchito wapempha yekha kusiya, kapena kuti mbali ziwiri zagwirizana ndipo palibe ngongole yotsala. Mukasaina la mtundu woyamba mwataya indemnização yonse, ndalama ya chipepeso imene munthu amalandira akachotsedwa ntchito. Mukasaina lachiwiri, kudandaula pambuyo pake kumavuta kwambiri.

Yambani ndi kuona mtundu wa kontrakiti yanu, pakuti zonse zagona pamenepo. Lamulo la ntchito limene likugwira tsopano ndi Lei 13/2023, lomwe linalowa m'malo mwa Lei 23/2007 mu Febuluwale 2024. Kontrakiti ya nthawi yoikika, imene amati a prazo certo, sipitirira zaka ziwiri ndipo imabwerezedwa kawiri kokha. Ikapyola pamenepo imasanduka yokhazikika, kupatula m'makampani ang'onoang'ono ongoyamba kumene, amene lamulo limawapatsa mpata wapadera. Werengani madeti mosamala, chifukwa zaka ziwiri zobwerezedwa kawiri zimakwana 6 ndendende. Kontrakiti yongotha pa tsiku lake ilibe indemnização. Koma ngati akuidula tsiku lisanakwane, ayenera kukulipirani miyezi yonse yotsalayo, ndipo ngati munapitiriza kugwira ntchito tsiku lomalizalo litadutsa, ndinu wantchito wokhazikika.

Wokhazikika akamachotsedwa chifukwa ntchito yachepa, kampani iyenera kulemba kalata yofotokoza zifukwa, n'kuipereka kwa iye, ku sindicato (bungwe la antchito) ndi ku ofesi ya boma ya ntchito, kutatsala masiku 30. Mawu apakamwa sakwanira. Popeza mwachotsedwa anthu oposa 10 nthawi imodzi, kampani iyeneranso kukambirana ndi oimira antchito ndi kusonyeza umboni kuti vuto limene ikunenalo lilipodi.

Ndalama imawerengedwa chonchi. Kwa munthu amene malipiro ake oyambira sapitirira kasanu ndi kawiri malipiro otsikitsitsa a gawo la ntchito yake, indemnização ndi malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse chimene wagwira. Inu muli m'gulu limeneli, choncho 20,000 kuchulukitsa ndi 6 ndi 120,000 meticais. Pamwamba pake pabwere malipiro a mwezi womaliza ndi a masiku a tchuthi amene simunapume. Mwezi umodzi umene akukulonjezaniwo ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 6. Khoti likapeza kuti munachotsedwa popanda chifukwa chovomerezeka, mumabwezeredwa pa ntchito kapena kulipidwa masiku 45 pa chaka, zomwe kwa inu ndi 180,000.

Sonkhanitsani kontrakiti zonse, mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, khadi la ntchito ndi mauthenga a pafoni okhudza nkhaniyi. Ngati pamalo panu pali komiti ya sindicato, monga ya SINTICIM ya antchito omanga ndi a m'migodi, yambirani kumeneko. Kenako pitani ku CEMAL ku Tete, ofesi yoyanjanitsa antchito ndi olemba ntchito. Iwo amaitana mbali zonse, ndipo zikakanika amapereka pepala losonyeza kuti simunagwirizane, limene mumapita nalo kukhoti. Wosowa ndalama ya loya amathandizidwa ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Pitani nonse 15 pamodzi, pakuti umboni wa mmodzi umalimbitsa wa mnzake. Lamulo limangopereka miyezi yowerengeka yodandaulira, ndipo ambiri ataya ufulu wawo chifukwa chodikira mawu akuti "bwerani mwezi wamawa".

Musachoke opanda certificado de trabalho yotchula nthawi imene mwagwira ndi udindo wanu. Ndi ufulu wanu, ndipo kwa makaniko pepalali limalemera kuposa satifiketi ya sukulu. Onaninso za INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za antchito. Mwezi uliwonse kumayenera kupita 7 peresenti, 3 yodulidwa kwa inu ndi 4 ya kampani. Yang'anani pa M-Contribuição kapena ku ofesi ya INSS ngati miyezi 72 yonse inalowa, chifukwa pali olemba ntchito amene amadula 3 peresentiyo osaitumiza. Mukapeza mipata, kanenani ku Inspecção Geral do Trabalho, ofesi yoyendera malo a ntchito, kampani isanapasule kampu. INSS sipereka ndalama ya ulova, koma miyezi imeneyi ndi imene imawerengedwa pa penshoni ya ukalamba, yomwe yathunthu imafuna miyezi 240.

FUNSO: Munthu wina pa WhatsApp akuti ali ndi mnzake mu ofesi yolemba antchito kumgodi. Akufuna 5,000 meticais pa M-Pesa kuti dzina la mlongo wanga lilowe pa lista. Nditumize?
Mayi wa ku Zóbuè

YANKHO: Mayi, musatumize ngakhale metical imodzi. Ma agência olemba antchito saloledwa kulipiritsa wofuna ntchito, ndipo kulembetsa ku INEP n'kwaulere. Akuba awa amayenda njira imodzi. Amayamba ndi ndalama ya lista, pakapita masiku amafuna ya kuyezetsa kuchipatala, kenako ya nsapato ndi chipewa, zimene mwalamulo amapereka ndi wolemba ntchito. Mukatopa, nambala imazima. Chilengezo chawo chimakhala chithunzi chokhala ndi chizindikiro cha kampani yaikulu, koma adiresi yotumizira mapepala ndi ya Gmail, ndipo nthawi zonse amati mpata ukutha lero. Musawatumizirenso chithunzi cha BI (chiphaso cha unzika) kapena NUIT (nambala ya msonkho), chifukwa amalembetsera nazo manambala a foni oberera ena, mlandu n'kugwera mwini BI. Sungani mauthengawo mukawaonetse ku polisi. Ngakhale munthuyo atakhaladi wa mkati, kugula vaga ndi katangale, ndipo zikaululika wochotsedwa ndi mlongo wanuyo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 19, ndamaliza kalasi 10. Amalume akuti ndichite kosi ya milungu inayi yoyendetsa makina a mumgodi pa sukulu ina yolipira. Amayi akuti ndichite informática. Ndisankhe chiyani kuti ndisakhale lova?
Mtsikana wa ku Moatize

YANKHO: Mwana wathu, luso lililonse ulifunse funso ili: mgodi utachepetsa antchito mawa, ndani wina angandilipire? Woyendetsa makina aakulu amalandira bwino, koma kunja kwa mgodi msika wake ndi wochepa, wa misewu ndi miyala basi. Komanso makampani a migodi amafuna munthu amene wakhala maola ambiri pa makina, kapena amaphunzitsa okha anthu awo. Milungu inayi siyingakupatse zimenezo. Ngati amalume aumirira, mupite limodzi kusukuluyo mukafunse kuti makinawo ali kuti, ophunzira ndi angati pa makina amodzi, aliyense amakwera maola angati, ndiponso ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi ANEP, bungwe loyang'anira maphunziro a luso. Pali makosi amene wophunzira amamaliza atagwira chiongolero kamodzi kokha, tsiku lojambulitsa. Informática ya Word ndi Excel ndi yofunika kwa aliyense, koma payokha sidyetsa munthu, chifukwa pafupifupi aliyense wopempha ntchito ya mu ofesi ali nayo.

Luso limene timalimbikitsa ndi lokhala ndi misika iwiri, mumgodi ndi m'tauni. Loyamba ndi la frio, kukonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo butchala, sitolo ya mankhwala, hotela ndi ofesi sizingadikire mawa firiji ikafa. Lina ndi magetsi a m'nyumba ndi a m'fakitale, pamodzi ndi mapampu a dzuwa. Makaniko wa injini za dizilo ndi wa magetsi a galimoto sasowanso chochita, pakuti malole ochokera ku Beira opita ku Malawi kudzera pa Zóbuè ndi Calómuè, ndi a ku Zambia kudzera pa Cassacatiza, amadutsa kuno malasha akwere mtengo kapena agwe. Kuwotcherera ndi mipope ya madzi zili m'gulu lomwelo. Asakuuze munthu kuti izi ndi za amuna okha.

IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa luso la manja, imapereka makosi a miyezi ingapo, oyenera amene akufuna kuyamba kugwira msanga. Koma popeza uli ndi kalasi 10 ndipo ukadali wamng'ono, ganizira za zaka zitatu ku Instituto Industrial de Matundo kapena ku Instituto Médio de Geologia e Minas kwanu konko ku Moatize. Chaka chilichonse chimatha ndi satifiketi yake, CV3, CV4 ndi CV5, choncho ndalama ikathera panjira sutuluka chimanjamanja. CV5 imatsegula njira ya ku Instituto Superior Politécnico de Tete.

Ambiri amagwa akamaliza, pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusowa estágio, nthawi yophunzirira pa malo a ntchito enieni. Ifunefune usanamalize, kudzera kusukulu kapena ku INEP, ndipo ngakhale ikhale ya pa kagalaja ka m'bairro, mwini wake akulembere kalata yosainidwa. Chachiwiri ndi zida. Wa frio wopanda multímetro, manómetro ndi pampu yochotsa mpweya m'mapaipi amakhala wothandizira wa ena mpaka kalekale. Yamba kugula chimodzichimodzi uli pasukulu.

Mapepala akhale okonzeka chilengezo chisanatuluke, chifukwa masiku operekera amakhala ochepa. Pafunika BI yosatha nthawi, NUIT imene imaperekedwa kwaulere ku Autoridade Tributária, makope a satifiketi otsimikizidwa kwa notário, ndi pepala la kalembera wa usilikali, amene amachitika mu Januwale ndi Febuluwale kwa anyamata ndi atsikana okwanitsa zaka 18. Registo criminal, pepala losonyeza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, imatha mphamvu pakapita miyezi itatu, choncho usaitenge isanafunike. CV ikhale tsamba limodzi, m'Chipwitikizi, ndi nambala ya foni imene siisinthasintha. Ana a m'malire amapunthwa pa chinthu china: dzina limalembedwa mosiyana pa BI ndi pa satifiketi, kapena anaphunzira ku Malawi ndipo alibe equivalência, pepala la ku Unduna wa Maphunziro lovomereza satifiketi ya kunja. Chilembo chimodzi chosiyana chimabwezetsa envelopu yonse. Koma amene amadziwa Chingerezi pamwamba pa Chipwitikizi achilembe pa CV, pakuti mabwana ambiri a m'migodi ndi a malole amalankhula chimenecho.

FUNSO: Akuti damu la Mphanda Nkuwa lidzalemba anthu masauzande. Ndisamukire kufupi ndikadikire? Ndaphunzira kumanga kwa bambo anga, ndilibe pepala.
Mmisiri wa njerwa wa ku Tsangano

YANKHO: Amisiri, musasamuke. Damulo lakonzedwa kuti limangidwe pa Zambezi, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, kuti lizitulutsa megawati 1,500, ndipo mu Disembala 2023 boma linasainirana mapangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Koma kuchokera pa kusaina kufika pa kuthira konkire pali mtunda wautali: kupeza ndalama, kukambirana ndi anthu odzasamutsidwa, ndi kuyala chingwe cha magetsi. Dzina la damuli lamveka kwa zaka zoposa makumi awiri. Likadzayamba, lidzafuna anthu ambiri pomanga ndi ochepa poyendetsa, monga zinachitikira ku Moatize. Chimene mungachite panopa ndi kupezera luso lanu pepala. Pali njira yotchedwa RCA, pansi pa ANEP, imene imayesa munthu amene anaphunzira ntchito ndi manja n'kumupatsa satifiketi. Onjezerani kukhoma matabwa a konkire ndi kumanga zitsulo, chifukwa damu silimangidwa ndi njerwa.

FUNSO: Amuna anga alandira indemnização ndipo akufuna kugula njinga yamoto yonyamula anthu. Ine ndikuopa, chifukwa anzawo amene anachotsedwa nawo limodzi agula zomwezo.
Mayi wa ku Chingodzi

YANKHO: Mayi, mantha anuwo ndi oona. Anthu akachotsedwa ntchito njinga zimachuluka, pomwe okwera, amene ambiri anali antchito omwewo, achepa. Sitikuti asagule, koma ayambe awerenga.

Kwa sabata imodzi, bambo akakhale pa malo atatu oimikira njinga, m'mawa, masana ndi madzulo, ali ndi kope m'manja. Alembe njinga zimene zaima ndi anthu amene akwera pa ola. Okwera akagawidwa ndi njinga, adziwa maulendo amene iye angapeze. Achulukitse ndi mtengo wa ulendo, kenako achotse petulo wa tsiku, oilo amene pa fumbi ndi kutentha kwa kuno amafuna kusinthidwa pa makilomita 1,000 mpaka 1,500, tcheni ndi magiya ake, matayala ndi mabuleki. Achotsenso ndalama yodzagulira njinga ina: agawe mtengo wa njingayo ndi miyezi 24, n'kumaika padera gawolo mwezi uliwonse. Ambiri amadya ndalama imeneyi poyesa kuti ndi phindu, injini ikatha n'kutsala opanda njinga ndi opanda ndalama. Chotsala pambuyo pa zonsezi ndicho malipiro ake enieni. Ngati sichifika pa ganyu wa tsiku, njingayo isagulidwe.

Akagula, mapepala akhale athunthu: laisensi yoyendetsera ya ku INATRO, livrete ndi título (mapepala a njingayo ndi a umwini) za m'dzina lake, seguro (inshuwalansi), chilolezo cha Conselho Municipal, ndi zipewa ziwiri. Njinga yotchipa yolowa chozemba pamalire ilibe mapepala a Alfândega (kasitomu), ndipo ikagwidwa ndalama yonse yapita. Pa njinga yakale, aone kuti nambala ya pa chassis ndi ya pa injini zikufanana ndi za pa livrete. Ngati aipereka kwa mnyamata woti aziyendetsa, alemberane pangano pamaso pa secretário wa bairro lotchula ndalama ya tsiku, tsiku lopuma, wolipira zowonongeka, ndi kumene njinga izigona. Maulendo a usiku opita kutali ndi munthu wosadziwika ndi amene amabetsa njinga ndi kuvulaza oyendetsa.

Pa kagawidwe ka ndalama, patulani kaye chakudya ndi lendi ya miyezi itatu, ndipo njinga isadye zoposa theka la indemnização. Kotsalako kayambitse geni yanu, Mayi, kuti nyumba isatsamire pa chinthu chimodzi. Kachewere, kabichi ndi tomato za ku Angónia zimayenda pa msika wa Kwachena, koma kutentha kumaziwononga msanga: yambani ndi matumba awiri kapena atatu, katundu afike m'mamawa, ndipo muzilemba zimene zawola ulendo uliwonse musanawonjezere. Nyemba ndi kapenta wouma wa ku Cahora Bassa phindu lake ndi locheperapo koma zimadikira wogula. Bambo akalembetsenso ku INSS ngati wodzilemba yekha ntchito, trabalhador por conta própria, azilipira 7 peresenti ya ndalama imene wanena kuti amapeza pamwezi, kuti miyezi imene anasonkha ali pa kampani ipitirire kuwerengedwa.